Mmene mungathandizire wodwala khansa kubwerera ku ntchito zake za tsiku ndi tsiku

Amayi anga atatuluka m'chipatala atawachita opaleshoni yochotsa bere, ife ana awo tinagwirizana kuti asagwirenso kanthu kalikonse pakhomo. Tinawalanda mthiko, tinabisa tsache, ndipo ngakhale nyemba zoti asankhe pa lichero tinkawaletsa, poganiza kuti chikondi ndiye chimenecho. Patangopita milungu itatu, munthu amene ankadzuka tambala woyamba anayamba kugona mpaka dzuwa kufika paliwombo, phewa la mbali ya opaleshoni linauma moti kumanga duku kunkawakanika, ndipo za kumunda anasiya kufunsa. Zinthu zinayamba kusintha tsiku limene katswiri wina wa kuchipatala anatikhazika pansi n'kutifunsa kuti mayiwa akadzuka m'mawa amafuna kugwira chiyani ndi manja awo. Tonse tinangoyang'anana, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atawafunsapo.

Chithandizo chimene katswiriyo ankapereka chimatchedwa occupational therapy, ndipo cholinga chake ndi kuthandiza munthu amene matenda amufooketsa kuti azitha kuchita zinthu zimene zimadzaza tsiku lake: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kuphika, kulima, kuchita geni, kupita kokapemphera, ndipo kwa mwana, kusewera ndi kuphunzira. Ntchitoyi inakhazikitsidwa ngati ukatswiri woima paokha ku America mu 1917, ndipo bungwe la akatswiriwa la padziko lonse linayamba mu 1952. Amagwira ntchito limodzi ndi a mafizo, koma amasiyana poyang'ana: wa mafizo amafuna kuti mkono ukwere ndi kupeza mphamvu, pamene katswiri uyu amafuna kuti mkonowo ufike pamutu n'kumanga duku, ndipo ngati sungafike, apeze njira ina yomangira dukuyo. Kwathu kuno akatswiri otere ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu, choncho gawo lalikulu la ntchitoyi limagwera inu odwazika, amene mumagona pansi pa bedi la wodwala m'chipatala ndi kumusamalira akabwerera kumudzi.

Yambani ndi kufunsa ndi kuyang'ana

Khalani ndi wodwalayo panthawi imene ululu wachepa, ndipo muyende naye m'maganizo tsiku lonse, kuyambira podzuka mpaka pogona, akukuuzani zimene akutha yekha, zimene akutha movutikira ndi zimene zamukanika. Kenako mufunseni kuti pa zonsezo asankhe zitatu zimene zikumupweteka mtima kwambiri kuzitaya. Musamusankhire, pakuti mayankho amadabwitsa: inu mukhoza kuganiza kuti vuto lalikulu ndi kusamba, pamene bambo akulira ndi zoti sakuthanso kukatsegulira mbuzi m'khola, ndipo mtsikana akudandaula kuti sangathe kulemba notsi.

Mukatero muonereni akuchita chinthucho, manja anu ali kumbuyo, kuti muone pamene pakuvuta penipeni. Kodi ndi ululu, kutopa, dzanzi m'zala, befu, chizungulire, kapena mantha ndi manyazi? Mukapapeza, pali zinthu zitatu zimene mungasinthe musanafike pomugwirira ntchitoyo: kachitidwe kake, chida chimene akugwiritsa ntchito, ndi malo amene akugwirirapo. Zimene mwaona muzilembe m'kope laling'ono limene liziyenda limodzi ndi kabuku ka kuchipatala, chifukwa pa tsiku la sikelo ya khansa anthu amakhala ambiri ndipo zimene sizinalembedwe zimaiwalika pakhomo pa dokotala.

Kutopa kumene sikutha ndi tulo

Pa mavuto onse amene khansa ndi mankhwala ake amabweretsa, kutopa ndiko kumavutitsa anthu ambiri, ndiponso ndiko kumene achibale amakumvetsa mochedwa. Si kutopa kwa munthu wochokera kumunda, amene akadya nsima n'kugona amadzuka ali bwino. Wodwala amatha kugona usiku wonse n'kudzuka thupi lili lolemera, ndipo akamva anthu akunong'onezana kuti wayamba ulesi kapena kudzimvera chisoni, amavulala kawiri.

Njira yothandiza ndi kuona mphamvu za wodwala ngati ufa wotsala m'thumba mwezi wa Januwale, umene mayi wanzeru amachita kuyeza ndi kambale kuti ufike pokolola. Kwa sabata imodzi, muzimufunsa m'mawa, masana ndi madzulo kuti kutopa kwake akukuika pati pakati pa 0 (sakutopa n'komwe) ndi 10 (watoperatu), ndipo muzilemba. Mudzaona kuti pali maola ena amene amakhala ndi mphamvu, kwa ambiri ndi m'mawa, ndipo zinthu zitatu zija zimene anasankha muziike m'maola amenewo, zina zonse zigawidwe kwa ena kapena zidikire. Ngati akulandira kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa amene kawirikawiri amaperekedwa pakapita milungu itatu iliyonse, mudzaonanso kuti masiku oyamba akangolandira ndiwo ovuta, ndipo sabata yomaliza asanapitenso ndiyo yabwino yochitira zinthu zikuluzikulu monga kupita kutchalitchi kapena kukaona abale.

Ntchito iliyonse imene ingatheke atakhala pansi, aichite atakhala. Ndiwo aziwaza atakhala pampando, mbale azitsuka beseni lili pathebulo kapena pathandala lalifupi m'malo mowerama, ndipo mbaula muiike pa njerwa zoyalidwa bwino kuti asamagwade povundula. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo si katundu woti wodwala asenze kuchokera kumjigo. Madzi atungidwe ndi ena, iye azigwiritsa ntchito kachigubu ka malita 2 kapena 5 pakhomo. Nsima ya banja lonse imafuna mphamvu zambiri, koma kuphika ndiwo, kuthira mchere ndi kugawa chakudya m'mbale ndi ntchito zimene mayi wodwala angasunge, ndipo kwa amayi anga zimenezi n'zimene zinabweza ulemu wawo pakhomo.

Lamulo limene limavuta kutsatira ndi lakuti apume asanatope. Anthu athu anazolowera kumaliza mzere asanaweramuke, ndipo tsiku limene wodwala wadzuka bwino amafuna kulipira masiku onse amene anagona, kenako n'kugwa masiku atatu. Muzimukumbutsa kuima pakati pa ntchito, ngakhale akuona kuti akanatha kupitiriza. Tulo ta masana tisapitirire mphindi 30 kuti tisaononge ta usiku. Komabe kupuma sikutanthauza kungogona: kuyenda pang'ono tsiku lililonse, ngakhale kuzungulira nyumba kapena kufika pamtengo wa mango n'kubwerera, kumachepetsa kutopa kumeneku kuposa kukhala pamphasa tsiku lonse. Ngati kutopa kwakula mwadzidzidzi, zikhatho ndi m'maso mwayera, ndipo mtima ukugunda kwambiri akangoyenda pang'ono, auzeni achipatala chifukwa magazi akhoza kukhala atachepa.

Dzanzi m'manja ndi m'mapazi

Mankhwala ena a khansa, monga vincristine, cisplatin ndi paclitaxel, amavulaza mitsempha ya kumapeto kwa zala ndi mapazi, moti munthu amamva dzanzi, kubayabaya kapena kutentha. Kumudzi vuto limeneli ndi loopsa chifukwa cha moto ndi minga: munthu amatha kuponda khala kapena kugwira poto wotentha osamva mpaka khungu litapsa. Madzi osamba aziyesedwa ndi chigongono kapena ndi munthu wina, mapoto azigwiridwa ndi nsalu yokhuthala, ndipo asayende opanda nsapato ngakhale pabwalo pa nyumba. Madzulo alionse muziyang'ana mapazi ake, pansi ndi pakati pa zala, ngati pali bala kapena thuza.

Zala zadzanzi zimagwira bwino chinthu chonenepa kuposa chowonda. Supuni, cholembera, mswachi ndi mpeni muzikulunge pogwirira ndi mphira wa chubu cha njinga kapena kansalu mpaka zinenepe, pa zipi mumange kachingwe kozungulira koti chala chizilowa, ndipo mabatani ang'onoang'ono telala akhoza kuwasintha n'kuika akuluakulu. Popeza mapazi adzanzi sauza munthu pamene waponda, maso ndiwo amagwira ntchitoyo, choncho usiku pakhale tochi pafupi ndi pogona ndipo njira ya kuchimbudzi ikhale yosesa, yopanda miyala ndi zingwe. Mukaona phazi likukhwekhwereza pansi poyenda, kapena mwana amene ankathamanga wayamba kupunthwa pafupipafupi, nenani kwa dokotala asanalandire mankhwala otsatira, chifukwa nthawi zina mlingo umafunika kusinthidwa.

Mkono kapena mwendo wotupa

Pochotsa bere, madokotala nthawi zambiri amachotsanso tizigawo ta m'khwapa timene timasefa madzi a m'thupi, pamalo pamene pamatuluka mwanabere, ndipo chifukwa cha ichi mkono umatha kutupa patapita miyezi ngakhale zaka. Mkono umenewo suyenera kuusiya osaugwiritsa ntchito, monga mmene ife tinalakwitsira. Achipatala akalola, wodwala aziima moyang'ana khoma n'kumayendetsa zala kukwera pakhomapo pang'onopang'ono mpaka pamene wayamba kumva kukoka, osati kupweteka, ndipo muziika chizindikiro cha khala pamene wafika kuti aziona yekha kuti sabata ino wakwera kuposa yatha. Kupesa tsitsi, kuyanika zovala zopepuka pachingwe chotsitsidwa ndi kumanga duku ndi mafizo okwanira bwino amene satopetsa maganizo. Khungu la mkonowo lizidzoledwa mafuta, lizitetezedwa ku mabala ndi moto, zibangili ndi mphete zothina zivulidwe, ndipo pogona mkono uzitsamira papilo.

Chimodzimodzi ndi miyendo yotupa chifukwa cha khansa ya Kaposi, imene yavutitsa anthu ambiri m'dziko muno pamodzi ndi HIV: kutsuka ndi sopo tsiku lililonse, kuumitsa bwino pakati pa zala, kudzola mafuta, kukweza miyendo pokhala ndi kuvala nsapato zotakasuka. Chiwalo chotupa chikafiira, kutentha ndi kupweteka mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimbudzi, bafa ndi pogona

Nkhani imeneyi anthu amaichitira manyazi, koma ndi pamene ulemu wa munthu wamkulu umathera kapena kupulumukira. Chimbudzi chokumba chimafuna kunjuta ndi kudzuka, ndipo munthu wofooka miyendo zimenezi zimamukanika msanga. Kalipentala aliyense akhoza kuboola mpando wathabwa wolimba pakati n'kuuika pamwamba pa dzenje, ndipo mtengo wozikidwa bwino pambali umakhala pogwira podzuka. Usiku mpando womwewo ulowe m'nyumba, pansi pake pakhale ndowa yokhala ndi chivundikiro. M'bafa muikemo mpando wina, pansi pasakhale poterera, sopo mumuike m'sokosi yakale yomangirira pamsomali kuti asamagwe, ndipo chinkhupule chomangidwa kumtengo chimathandiza kufika kumsana ndi kumapazi popanda kuwerama. Wodwala asambe yekha paliponse pamene manja ake akufika, inu muthandize potsalapo pokha.

Amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi khansa yofala kwambiri pakati pa amayi m'Malawi, ambiri amadzitsekera m'nyumba chifukwa cha magazi, madzi otuluka kumaliseche ndi fungo. Akonzereni nsalu zofewa zokwanira zosinthira, malo obisika ochapira ndi kuyanika padzuwa, ndi pulasitiki yoyala pansi pa nsalu yogonera, ndipo za fungolo muwauze achipatala momasuka chifukwa mankhwala ochepetsa fungo alipo. Mayi amene akudziwa kuti sadetsa chitenje amalimba mtima kukhalanso pakhonde ndi anzake.

Kudzuka pamphasa ya pansi n'kovuta kuposa kudzuka pabedi, choncho ngati n'kotheka pogona pakwezedwe kufika m'mawondo. Wodwala amene sakutha kudzitembenuza muzimutembenuza pakapita maola awiri alionse, n'kumayang'ana m'chiuno, pamwamba pa matako ndi zidendene ngati khungu lasintha mtundu, chifukwa zilonda za pogona zimayamba mwakachetechete koma kupola kwake n'kovuta. Wodwala khansa ya kummero azidya atakhala tsonga, chakudya chofewa monga phala lothira nsinjiro, mazira, nthochi yokanya ndi msuzi, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku, ndipo asagone pasanathe mphindi 30 atadya. Ngakhale akudya phala ena akudya nsima, adyere limodzi ndi banja.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kukonza mpando kapena kudikira tsiku la sikelo. Kupweteka kwa msana kwatsopano kapena kokulirakulira, pamodzi ndi kufooka kwa miyendo, dzanzi, kapena kulephera kugwira kapena kutulutsa mkodzo, kukhoza kutanthauza kuti chotupa chikupanikiza mtsempha waukulu wa m'msana, ndipo kuchedwa kwa masiku ochepa kumasiya munthu wosayendanso. Kutentha thupi kofika madigiri 38 mwa munthu amene akulandira kemo n'kofunika kuthamangira nako kuchipatala ngakhale usiku, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 atalandira mankhwala, pamene chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri. Ngati madokotala ananena kuti khansa yafika m'mafupa, musamukoke manja pomudzutsa, musamutikite mwamphamvu, ndipo mufunse kuti ndi katundu wolemera bwanji amene angaloledwe kunyamula.

Ana

Ntchito ya mwana ndi kusewera, ndipo mwana amene wasiya kusewera amabwerera m'mbuyo pa kakulidwe kake ngakhale chotupa chikuchepa. Ana odwala khansa ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba, khansa ya impso yotchedwa Wilms, khansa ya m'magazi kapena ya m'diso, amakhala milungu yambiri m'mawodi a ana a ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kutali ndi anzawo. Kholo limachita mantha n'kumangomubereka kapena kumufunditsa, koma mwana wa chaka chimodzi amafunikabe kuikidwa pamkeka woyera kuti akwawe, aimirire chogwirira ndi kutola zinthu. Zitsekerero za mabotolo zotsukidwa bwino zimakwana kusanja, kuwerengera ndi kusewerera bawo pa katoni, mpira wa mapepala ukhoza kuponyedwa ali pabedi, ndipo kope ndi makrayoni zimalimbitsa zala zimene vincristine wafooketsa. Zidole zadothi ndi kusewera m'matope zidikire kaye masiku amene chitetezo chatsika.

Mwana amaopa kwambiri chimene sakuchidziwa. Musamunamize kuti jakisoni sapweteka. Muuzeni kuti apweteka pang'ono ndipo mudzakhala mutamugwira, ndipo mulekeni abaye chidole chake jakisoni wabodza ndi kuchimanga bandeji. Mupatseni zoti asankhe pamene kusankha kulipo, monga kapu yomwera mankhwala kapena malaya oti avale, chifukwa m'chipatala zinthu zambiri zimangomuchitikira. Akabwerera kunyumba apatsidwenso kantchito kake, kaya kuthira nkhuku madeya kapena kuyala mbale, ndipo akalakwa adzudzulidwe mwachikondi monga ana ena onse, kuti abale ake asamuone ngati mlendo.

Za sukulu musadikire kuti achiriretu. Pitani kwa aphunzitsi ake mukawafotokozere, muwapemphe ntchito yoti azichitira kunyumba, ndipo achipatala akalola ayambe ndi theka la tsiku. Aphunzitsi auze kalasi kuti khansa si yopatsirana ndipo tsitsi lidzameranso, komanso akudziwitseni msanga kukabuka chikuku kapena katsabola, chifukwa matenda amenewa ndi oopsa kwa mwana wa pa kemo. Mwana amene anachotsedwa diso limodzi amavutika kuyeza kutalika kwa zinthu, moti poyamba amaphonya pothira madzi m'kapu ndi potsika masitepe. Akhale kutsogolo m'kalasi, mbali imene diso lotsalalo likuona bolodi ndi mphunzitsi, ndipo disolo litetezedwe ku malegeni ndi timitengo. Ngati maso onse aonongeka, funsani ku ofesi ya maphunziro za aphunzitsi a ana osaona, amene ambiri amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Wachinyamata amene wadulidwa mwendo chifukwa cha khansa ya fupa asamaike pilo pansi pa chitsa cha mwendowo nthawi yaitali, azigonako chafufumimba achipatala akalola kuti chiuno chisapindike, ndipo mufunse msanga za mwendo wochita kupanga, umene umapangidwa m'zipatala zazikulu za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Munda, geni ndi kumene mungapeze thandizo

Munthu wamkulu sadandaula za thupi lokha koma za chakudya cha ana ake. Mlimi amene sangathenso kugwira khasu tsiku lonse akhoza kusankha mbewu, kubzala, kusamalira kadimba ka pafupi ndi nyumba ndi kuyang'anira olima. Wa geni agulitsire pakhomo atakhala pamthunzi, kukaoda katundu kupite kwa wina. Wapantchito yolembedwa atenge kalata ya dokotala akakambirane ndi abwana za kuyamba ndi maola ochepa, ndipo popeza kemo amachititsa ena kuiwalaiwala, azilemba zochita m'kope ndi kutchera alamu ya foni pa nthawi ya mankhwala.

Mukapita kuchipatala, pemphani mwachindunji kuti akutumizeni ku dipatimenti ya mafizo ndipo mufunse ngati kuli occupational therapist. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre, ndipo m'zipatala za maboma muli ogwira ntchito ya mafizo amene angakuthandizeni za ndodo, njinga ya olumala ndi kanyamulidwe ka wodwala kosathyola msana wanu. Musaiwale kugawana ntchito yodwazika ndi abale, a kumpingo kapena kumzikiti, chifukwa wodwazika mmodzi akagwa, odwala amakhala awiri.

Khansa ikafika poti siingachizike, ntchitoyi siitha koma imasintha cholinga. Magulu a chisamaliro chochepetsa ululu, monga Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana ku Queen Elizabeth, kapena Ndi Moyo ku Salima, amathandiza ndi mankhwala a ululu kuphatikizapo morphine wakumwa. Funsani anamwino mmene mungalinganizire nthawi ya mankhwalawo ndi nthawi yosamba kapena yotuluka panja, kuti wodwala asunthidwe ululu utagona. Bedi lake muliike poti aziona pakhomo ndi kumva macheza, kapu yopepuka ndi kansalu konyowa zikhale pamene dzanja lake likufika, ndipo muzimufunsabe maganizo pa nkhani za pabanja monga kale. Ngati akufuna kulankhula ndi m'bale amene anasemphana naye, kugawa zinthu zake, kuphunzitsa mdzukulu kuluka mphasa kapena kujambula mawu ake pafoni kuti ana adzamve, ikani zimenezo m'maola ake a mphamvu, ndipo alendo odzazonda muwapemphe kuti abwere nthawi ina.